Maulendo asanu m'kabuku ka Amayi

Mufoni yanga muli zithunzi zitatu zimene sindifufuta ngakhale malo atadzaza chotani. Ndi masamba a kabuku ka kuchipatala ka Amayi. Kabukuko n'kothimbirira ndi utsi chifukwa amakasunga m'jumbo ya shuga n'kukatsomeka kudenga la khitchini. Pamasamba atatuwo panalembedwa maulendo asanu, kuyambira mu Febuluwale mpaka mu Juni chaka chatha. Ulendo uliwonse uli ndi deti, mizere iwiri yolembedwa mothamanga, ndi siginecha. Pali chinthu chimodzi chimene sichinalembedwe pa maulendo onse asanuwo, ndipo n'chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe nkhaniyi.

Chipatalacho sindichitchula dzina. N'chaching'ono, cha boma, chili m'mapiri a Dedza, ndipo ogwira ntchito ake timakumana nawo kumaliro ndi kutchalitchi.

## "Ndapitako, mwanawe"

Ine ndimakhala ku Lilongwe. Amayi ali kumudzi ndi mlongo wanga, amalima kachewere ndi nyemba. Zaka zawo zapitirira 60, koma mpaka chaka chatha ankasenza okha dengu la mbatata kuchokera kudimba.

Anayamba kudandaula mutu mvula ili mkati. Ankati ukuwawa cha kunkhongo, makamaka m'mawa, ndipo akawerama kuti akoleze moto amamva chizungulire. Ine yankho langa linali limodzi: "Amayi, pitani kuchipatala." Ndikatero ndinkatumiza ya kabaza pafoni ya mlongo wanga. Ndalamayo nthawi zambiri sankakwerera njinga. Ankagulira sopo ndi mchere, iwo n'kuuyamba wapansi. Ndi ulendo wa maola awiri, wa zikweza ndi zitsikira, ndipo wofuna malo abwino pamzere amanyamuka kusanache. Amene mukuidziwa Dedza mu Juni mukuchidziwa chisanu chimene chimagona m'zigwa nthawi imeneyo.

Madzulo ndikaimba, yankho linali lomwelomwelo. "Ndapitako, mwanawe. Andibaya pachala, akuti malungo mulibe. Andipatsa panado." Ine mtima unkakhala m'malo. Ndinkaganiza kuti munthu akafika kuchipatala, n'kulowa m'chipinda cha adokotala, n'kutuluka mankhwala ali m'manja, ndiye kuti waonedwa. Sindinafunsepo kuti china anawayeza n'chiyani. Ulendo wachinayi ndinawauza kuti mwina ndi maso, ndikalandira tidzakagula magalasi.

## Kapu ya tiyi

Mu Julaye, Lachiwiri lina m'mawa, mlongo wanga anaimba akulira. Amayi anali atakhala padzuwa ndi kapu ya tiyi, kapuyo n'kungopulumuka m'dzanja. Atati ayankhule, mawu anatuluka olemera ngati ali ndi chakudya m'kamwa, mlomo utakokekera mbali imodzi. Anthu anasonkhana. Ena anali atayamba kale kunong'onezana za mkangano wa malire a munda umene unalipo chaka chimenecho. Mwamwayi malume sanalole zochedwetsana. Anakapempha pikapu ya mnyamata wina wogula kachewere, n'kuwagoneka Amayi pamatiresi kumbuyo mpaka kuchipatala chachikulu pa boma.

Ndinawapeza masana ali kale muwodi. BP yawo, kuthamanga kwa magazi, pofika inali 210/120. Dokotala amene ankayendera odwala anatenga kabuku kaja, ndipo asanalembe kanthu anayamba kukatsegula chobwerera m'mbuyo, tsamba ndi tsamba, chala chikutsata mizere. Kenako anandiyang'ana.

"Achimwene, mayiwa anayamba ayezedwapo BP?"

Ndinati sindikudziwa. Anandionetsa. Febuluwale: mutu, malungo mulibe, panado. Malichi chimodzimodzi. Kasanu konse, ndipo panalibe pamene panalembedwa manambala awiri aja, ina pamwamba ina pansi. Anandifotokozera modekha kuti BP nthawi zambiri simveka m'thupi, munthu amatha kuyenda nayo zaka osadziwa, ndipo mwina mutuwo sunali wa BP n'komwe. Koma anati munthu wa msinkhu wa Amayi akabwera kuchipatala ndi vuto lililonse amayenera kuyezedwa, ndipo ikamapezeka pa 140/90 kapena kupitirira apo mobwerezabwereza, amayamba kumuthandiza. Kuyezako sikutha mphindi zisanu.

Usiku umenewo ndinagona kumalo a magadiyani nditafunda bulangete lobwereka, koma tulo sitinabwere.

## Dilowa ya adokotala

Amayi atatulutsidwa, ndinanyamula kabuku kaja ulendo wa kuchipatala chathu chaching'ono. Ndisabise, ndinapita kukakangana. Mawu ndinali nditawakonza njira yonse, ndipo ena mwa iwo sindingawalembe pano.

Ndinafika cha m'ma 7 koloko. Mabenchi anali atadzaza kale, ena atakhala pansi pakhonde, ena pakapinga kutsata dzuwa. Mbali ina amayi a sikelo ankaimba, mlangizi wa zaumoyo akukoloweka ana pasikelo yomangirira kunthambi ya mtengo. Ndinafuna kungolowa mwamphamvu, koma agogo ena amene ankatsokomola kumapeto kwa benchi anasendera kuti ndikhale nawo. Ndinachita manyazi n'kukhala pansi. Ndinati basi, ndidikira onse athe.

Kudikirako kunandionetsa zimene sindinabwerere. Chitseko chinali chimodzi, wolembera mankhwala mmodzi. Ndinayamba kuyang'ana nthawi pafoni: munthu akalowa, mphindi ziwiri kapena zitatu watuluka, wina ali kale pakhomo kabuku m'manja. Kutabwera mayi wina akuthamanga ndi mwana wokomoka, mzere wonse unaima theka la ola, ndipo palibe amene anang'ung'udza. Itakwana 12 koloko adokotala sanatuluke kukadya. Ine ndinalowa 2 koloko itadutsa, womaliza.

Anali mnyamata, wamng'ono kwa ine, maso ofiira. Tonse timawatcha adokotala, koma ambiri amene amatilandira m'zipatala zazing'onozi ndi ma medical assistant, amene amaphunzira zaka ziwiri n'kutumizidwa kumudzi kukasenza okha chigawo chonse, usana ndi usiku.

"Mwadwala chiyani, bambo?" anafunsa dzanja litatambasuka kale kuti alandire kabuku.

"Sindinadwale ine. Kabukuka n'ka mayi anga. Anachita sitiroko mwezi watha. Ndikufuna muwerenge masamba awa."

Anawerenga. Ndinaona chala chake chikuima pa siginecha. Zitatu mwa zisanuzo zinali zake, ziwiri za wina amene anadzagwirizira iye ali kumaphunziro. Anakhala chete nthawi yaitali, moti mawu ndinakonza aja anayamba kundithawa. Kenako anafunsa, "Panopa ali bwanji? Akuyankhula? Chakudya akumeza bwinobwino?"

Nditamuyankha, anakoka dilowa ya thebulo lake. Munali makina oyezera BP, aja a mabatire. Anawatembenuza n'kutsegula kumbuyo. Munali mopanda kanthu, tizitsulo togwira mabatire titamera zoyera ngati mchere. Kapaipi ka lamba wokulunga pamkono kanali komatidwa ndi pulasitala. Anati makinawo anafa kalekale, analemba kalata yopempha ena, akudikirabe. Amoyo pachipatala chonsecho anali amodzi okha, ndipo amakhala kwa anamwino, kumene amayeza amayi oyembekezera, chifukwa kumeneko BP ikakwera osaidziwa, mayi ndi mwana amatha kutisiya tsiku lomwelo.

Apa ndinaganiza kuti wapeza pothawira. Koma anapitiriza yekha, ine osamufunsa.

"Komabe bambo, zimenezi sizikundiyeretsa. Kwa anamwino ndi apa pompa, khomo lachitatu. Ulendo wachitatuwu ndinayenera kuwauza kuti agogo, tapitani akakuyezeni mubwerenso. Kungoti sindinadziwe kuti unali ulendo wachitatu. Ine kabuku ndikakalandira ndimatsegula pamene pali malo olemba. Kumbuyo sindibwererako. Panja pamakhala pali anthu."

Mawu amenewo ndi amene sakundichoka mpaka lero. Ndimatsegula pamene pali malo olemba. Amayi anayenda maola anayi, kupita ndi kubwerera, kasanu konse, ndipo ulendo uliwonse ankalandiridwa ngati mlendo amene sanapondepo pakhomopo. Mbiri yawo yonse inali m'manja mwa adokotala, tsamba limodzi kumbuyo.

Sindinakangane naye. Sindikunena kuti kukhosi kunayera pompo, chifukwa dzanja lamanja la Amayi silinabwerere mwakale ndipo mwina silidzabwerera. Koma ndinatuluka ndikudziwa kuti ngakhale atamuchotsa mawa mnyamatayo, wobwera m'malo mwake adzapeza dilowa yomweyo ndi mzere womwewo. Ndipo ine ndemwe, amene ndimadziwa kuwerenga, kabukuko ndinali ndisanakatsegulepo ngakhale kamodzi pa maulendo onse amene ndinapita kumudzi miyezi imeneyo.

## Kufika n'kwina, kuonedwa n'kwina

Tikamakamba za chipatala kumudzi, nkhani imakhala ya mtunda ndi ndalama. Boma lakhala likufuna kuti munthu asayende mtunda wopitirira makilomita 8 kuti apeze chipatala, ndipo m'zipatala zake sitilipira. Andale akabwera, lonjezo limakhala lomanga chipatala china. Zonsezi n'zofunika, ndipo amene ananyamulapo wodwala pamachira usiku sangazipeputse. Koma Amayi anafika. Khomo analipeza lotsegula, sanalipire ngakhale tambala. Amene amawerengera anthu olandira chithandizo anawawerengera kasanu.

Pakhoma la khonde lija pali pepala lofotokoza ufulu wa odwala, lozilala ndi dzuwa. Ndinaliwerenga lonse tsiku lodikira lija. Limanena za ufulu wolandira chithandizo choyenera ndi wofotokozeredwa bwino za matenda ako. Amayi sawerenga, ndipo ngakhale akanamawerenga, anakula podziwa kuti munthu wovala zoyera samufunsa mafunso. Amagwada, amapereka kabuku ndi manja awiri, amathokoza. Kuti munthu wotere anene kuti "adokotala, aka n'kachitatu, tandiyezaniko zina," pamafunika wina amuuze kaye kuti kutero si mwano.

Si nkhani ya Amayi okha. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'dziko muno anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa kapena sanali pa mankhwala. Ndikakumbukira mabenchi aja, ndimadzifunsa kuti ndi angati mwa amene ndinakhala nawo tsiku limenelo anatuluka ndi panado, BP ili m'mwamba.

Ndimaona kuti zipatala zathu zazing'ono zinazolowera matenda obwera n'kupita. Malungo: kubaya pachala, LA masiku atatu, munthu wachira, nkhani yatha. Kutsegula m'mimba, chifuwa, bala la khasu, zonsezi zimathera pa tsamba limodzi. BP ndi shuga sizitero. Zimafuna wina amene akukumbukira kuti mwezi watha zinali bwanji. Ndipo chimene chimandipweteka n'chakuti kutsata munthu timatha, umboni wake uli pachipatala chomwecho. Kuchipinda cha ma ARV aliyense ali ndi khadi lake losungidwa pomwepo, amakwera sikelo ulendo uliwonse, amapatsidwa tsiku lobweranso, ndipo akajomba amamutsatira mpaka kumudzi. Khomo limenelo ndi la adokotala aja zatalikirana pang'ono chabe.

M'mayiko ena banja limakhala ndi dokotala wake, amene amadziwa kuti agogo a m'nyumbamo anamwalira ndi chiyani ndipo mwana woyamba anabadwa bwanji. Kuno maphunziro a udokotala wa mabanja alipo ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ophunzira ake amaphunzirira pachipatala cha boma cha Mangochi. N'zolimbikitsa, koma madokotala oterewa akadali ochepa kwambiri, ndipo sindikuyembekezera kuti mmodzi adzakhala m'phiri mwathu Amayi akadali moyo. Pakadali pano, chimene chimamukumbukira wodwala kwathu ndi kabuku kake, ngati wina wakatsegula chobwerera m'mbuyo.

## Kolipira

Achibale ena anati basi, tiziwapititsa kolipira. Zipatala za mishoni za CHAM, monga cha Mua, zili kutali ndi kwathu, choncho tinayesa kiliniki ina ya pulayiveti pamsika wina wa mumsewu wa M1. Kumeneko BP anawayeza asanalowe n'komwe m'chipinda, ndipo anawapatsa mpando wotsamira. Koma anafunanso kuwaika diripi ndi kuwabaya jakisoni "wopatsa mphamvu", zimene dokotala wa muwodi uja sanatchulepo. Ndinakana mwaulemu. Kuyambira pamenepo ndikalowa kiliniki iliyonse ndimayamba ndayang'ana pakhoma ngati pali satifiketi ya Medical Council of Malawi, bungwe limene limalembetsa madokotala ndi kuyendera malo otere.

Ngakhale kukanakhala kwabwino chotani, BP ndi ya moyo wonse. Ndalama ya kachewere imabwera pa nyengo, siingalipire kiliniki mwezi ndi mwezi pamodzi ndi thiransipoti. Tinabwerera kwathu konkuja.

Amayi amamwa mankhwala a BP a mitundu iwiri, HCTZ ndi amlodipine, tsiku lililonse m'mawa. Mwezi wina pawindo la mankhwala anauzidwa kuti mtundu umodzi watha, akagule. Anakhala masiku asanu ndi limodzi osamwa, osandiuza, poopa kundivutitsa. Tsopano ndimagula a mwezi wathunthu ku famase ku Lilongwe n'kuwasiya kwa mlongo wanga kuti akhale odikirira. Ndinamuletsa kugula mapilitsi oyalidwa padzuwa tsiku la msika, ngakhale atatchipa bwanji.

## Mabatire anayi

Pakhonde lomwe lija panali kapepala kena, kokhala ndi nambala ya ombudsman wa chipatala, munthu wolandira madandaulo a odwala. Ndinali ndisanamvepo kuti aliko. Ndinaimba. Sindinadandaule za mnyamata uja. Ndinanena za makina a m'dilowa, ndi kuti kalata yowapempha inapita kalekale.

Kenako malume ananditengera kwa a mfumu, a mfumu n'kundilozera kwa wapampando wa komiti ya chipatala, bambo wina amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Komiti imeneyi ilipo pachipatala chaching'ono chilichonse, ndipo ntchito yake ndi kulumikiza anthu a m'midzi ndi ogwira ntchito, kuphatikizapo kuchitira umboni mankhwala akamatsitsidwa m'galimoto. Ambirife timangoiona patali. Ndinawaonetsa zithunzi zitatu zija. Anaziyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti mkazi wawo nayenso amadandaula mutu, ndipo sakukumbuka kuti anayezedwa liti.

Pamsonkhano wotsatira anaitana adokotala aja, anamwino ndi alangizi a zaumoyo awiri. Panalibe zolozana zala. Wapampando anangoti mutu umodzi susenza denga, tione chimene aliyense angagwire. Ine ndi anzanga atatu a kumudzi amene tili m'tauni tinasonkha n'kugula makina atsopano. Anagwirizana kuti m'mawa uliwonse kathebulo kaziikidwa pakhonde, ndipo wamkulu aliyense aziyezedwa ali pamzere pomwepo, atakhala kale pansi n'kupuma, manambala n'kulembedwa pamwamba pa tsamba asanalowe kwa adokotala. Potero adokotala sawonjezeredwa ntchito, amangopeza nambala ikuwayang'ana.

Ndisanamize anthu kuti zonse zinayera. Patatha miyezi iwiri mabatire anatha, ndipo kathebuloko kanasowa masabata atatu chifukwa panalibe wodziwa kuti ogula ndi ndani. Mabatire anayi okha. Tsopano komiti imasunga ena kwa msungichuma. Masiku a sikelo ya ana, alangizi akatanganidwa, kathebulo sikatuluka. Makina a boma aja sanabwerebe. Ndipo sindikuona kuti n'chilungamo kuti chipatala cha boma chiziyembekezera ana a m'mudzi amene ali pa ntchito m'tauni, chifukwa midzi ina ilibe ana otere. Koma mlangizi wina anandiuza kuti sabata yoyamba yomwe anapeza anthu angapo amene sankadziwa kuti BP yawo ndi yokwera, ndipo mmodzi wa iwo anali mkazi wa wapampando uja.

Kunyumba mlongo wanga anachepetsa mchere m'ndiwo. Anauzidwa kuti munthu asamapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo soda wa m'therere nayenso anamuchepetsa. Amayi anadandaula mwezi wathunthu kuti tikuwadyetsa ndiwo zozizira, kenako anazolowera. Khasu sagwiranso. Amakhala pamkeka n'kumasenda nyemba ndi dzanja lamanzere, lamanjalo akulipinda ndi kulitambasula monga anawaphunzitsira a mafizo, aja othandiza odwala kulimbitsa ziwalo. Mawu anabwerera, kupatula akatopa.

Kabuku kakale kaja katadzaza, mlongo wanga anagula katsopano n'kukasokerera kumbuyo kwa kakaleko ndi ulusi wakuda, kuti timabukuto tisasiyane.

Mwezi watha ndinawaperekeza ndekha. Tinakwera njinga yamoto, iwo pakati, ine kumbuyo nditawagwira. Pakhonde anawayeza, mlangizi n'kulemba 146/88. Titalowa, adokotala aja anatizindikira, anaimirira n'kuwakokera mpando. Amayi anamasula jumbo ya shuga ija pang'onopang'ono ndi dzanja limodzi, anatulutsa timabuku tosokedwa pamodzi tija, n'kutsegula okha, osati pamene panali malo olemba, koma kumbuyo kwenikweni, pa tsamba la Febuluwale. Anaikapo chala.

"Yambirani apa, adokotala."

Mnyamatayo anakhala pansi, anakokera mpando wake pafupi, n'kuyamba kuwerenga. Panja panali anthu ambiri ndithu.